Kalata Yochokera ku Joni: Za Mipando ya Kuno

Okondedwa Amalume,

Mipando ya ku Joni ili m'magulu awiri: yokhalapo ndi yongoyang'ana. Yokhalapo ndi makuleti a zakumwa, ndipo ndi yomwe matchona ambiri amalandirirapo alendo. Yongoyang'ana ili m'nyumba za mabwana. Mphwanu amene akulemba kalatayi ntchito yake ndi kuipukuta, choncho amaidziwa kunsi kwake kuposa eni ake.

Yamtengo wapatali kwambiri ndi yamakedzana yochokera ku Cape, ndipo ulemu wake umayambira pa thabwa. Mitengo yotchuka ndi iwiri, yonse ya m'nkhalango za ku Knysna. Woyamba ndi stinkwood, woderapo, wolimba, umene ukangodulidwa umanunkha mwakuti agalu amanamiziridwa mlandu, koma ukauma fungo limatha. Wachiwiri ndi yellowwood, wachikasu mowala, womwenso ndi mtengo wa fuko la South Africa. Amisiri ankaphatikiza iwiriyi pa kabati imodzi: wakudawo m'mphepete, wowalawo pakati, osafuna penti. Anthu anaigwetsa mosaleza mpaka boma linaletsa odula mitengo m'nkhalangozo mu 1939. Lero stinkwood ndi wotetezedwa ndi lamulo, n'chifukwa chake dona amadzuka ndi mutu akaona kapu ya tiyi itaikidwa patebulo popanda kotsamira. Amisiri ambiri a mipando yamakedzanayo anali akapolo ochokera ku India ndi zilumba za kum'mawa, ndipo mayina a ambiri aiwo sanalembedwe pa ntchito zawo. Zina mwa ntchitozo zikusungidwa ku Koopmans-de Wet House mumzinda wa Cape Town.

Luso lenileni lili molumikizira. Mpando wa riempie ulibe msomali. Mmisiri ankaboola mwendo ndi tchizulo, n'kusema nsonga ya thabwa linalo kuti ilowe mothina, kenako n'kukhomera kachikhomo ka mtengo. Pokhalira ankaboola timabowo kuzungulira, n'kulukapo zingwe za chikopa cha ng'ombe mopingasa. Zingwezo zimalola mphepo kudutsa, zikatha amangoluka zina, koma wokhalapo atavala kabudula amadzuka ntchafu zitalembeka ngati kope la masamu. Kabati imayesedwa posolola dirowa yonse n'kuyang'ana m'makona: pakhale mano olumana, osema pamanja, osafanana ndendende. Mano ofanana kwambiri ndi a makina, ndipo amalume, monga kalipentala, sangapusitsidwe nawo.

Pali wakisi, bokosi la m'ngolo za Mabunu za m'zaka za m'ma 1830, lomwe linali mosungira katundu komanso pokhalira woyendetsa. Palinso jonkmanskas, kabati ya mbeta yachimuna, ya madirowa awiri pamwamba ndi zitseko ziwiri pansi. Kukula kwake kukusonyeza kuti anyamata a nthawi imeneyo anali ndi zovala zambiri kuposa otchetcha kapinga a lero.

Za m'mashopu akuluakulu n'zina. Zimanyezimira, zimagulidwa pangongole ya pamwezi, koma mkati mwake ndi utuchi wophatikiza ndi guluu, wokutidwa ndi pepala lojambulidwa ngati thabwa. Wadiropu yotere ikakwera pangolo ya basi, n'kudutsa pa Beitbridge, Tete ndi Mwanza nthawi ya dzinja, imafika kumudzi itafufuma, zitseko zikukana kuonana. Chiswe chomwe chimangoinunkhiza n'kubwerera. Amene akudikira wadiropu yochokera kuno adziwe kuti kuchedwa kwake n'kowafunira zabwino. Mlombwa womwe amalume amapala tsiku ndi tsiku kuno amautcha kiaat, ndipo tebulo lake limadya malipiro a miyezi ingapo.

Chodabwitsa ndi mpando woluka wa kwathu uja, wa nsungwi, wozungulira kumsana, umene umagulitsidwa m'mbali mwa msewu anthu akunenerera. Kuno ukudziwika ndi dzina la dziko lathu, umapakidwa penti yoyera kapena yakuda, n'kuikidwa pakhonde la hotela ndi m'magazini a zokongoletsa nyumba. Ogula amasisita malukidwe ake, n'kumayamikira kuti chingwe chilichonse chinadutsa m'manja mwa munthu. Akamva kuti wantchito wawo ndi wa ku Malawi amamufunsa ngati amadziwa kuuluka. Yankho limadalira ngati pali ganyu.

Mphwanu wa ku Joni.