Ulemu kwa Kathonje

Pa zinthu zonse zimene zili m'chipatala, kuyambira makina oyezera magazi mpaka ambulansi yoima panja, palibe chimene ndimachilemekeza kuposa kathonje kaja namwino amakusindikiza nako pamkono akangozula singano. Kukula kwake n'ngati dzira la njiwa. Kulemera kwake sikelo ya mpunga ya pamsika wa pa Boma singakumve n'komwe. Koma ine amene ndakhala ndi matenda a shuga zaka zisanu ndi ziwiri tsopano ndikuti kathonje ndi mfumu, ndipo akadandifunsa maganizo, bwenzi chithunzi chake chili pa ndalama ya pepala.

Tsiku lokayezetsa limayamba dzulo lake. Ukadya nsima yamadzulo, basi kukamwa watseka. Chololedwa ndi madzi okha, pakuti shuga amamuyeza bwino munthu atakhala maola 8 osadya. Ndiye m'mawa kuno kwa Malenga Chanzi, asodzi akukocheza ndi usipa, amayi akuyala zitumbuwa ndi mandasi m'mbali mwa msewu wa M5, iwe ukudutsa pa kabaza ukumeza malovu, kabuku ka kuchipatala kali m'thumba la malaya. Pabenchi timakhalapo ambiri: a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a mphumu, a khunyu. Nkhope tidadziwana kalekale. Moni wathu ndi wakuti, "Mwezi uno wakwera bwanji?"

Kubaya kwa pachala tidakuzolowera, kuli ngati kulumidwa ndi nyerere. Koma pamakhala tsiku lina limene adokotala amafuna kuona ngati impso zikugwirabe ntchito, chifukwa shuga amadya impso, maso ndi mapazi mwakachetechete ngati chiswe. Tsiku limenelo magazi amatenga pamtsempha wa pamkono, ndipo mitsempha yanga ndi yoonda, yobisala. Namwino amamanga kalamba pamwamba pa chigongono. "Fumbatani dzanja, bambo." Amafufuza ndi chala, amapukuta ndi sipiriti wozizira, singano imalowa. Mtsempha umazemba. Singano imausaka mkati mwa mnofu, ululu umakwera mpaka paphewa, thukuta lili kamukamu, m'maso mukuchita chidima. "Pepani bambo, tiyese mkono winawo." Iye alibe mlandu, ndimaona pamphumi pake kuti nayenso zikumuwawa. Ndimadziwa bwino kuti munthu wamkulu amayenda ndi magazi pafupifupi malita 5 ndipo kabotolo kolandirira magazi kamangotenga ngati supuni ya tiyi. Koma mtima sudziwa masamu. Ukamaona magazi ako akukwera m'kabotolo uli ndi njala, umamva ngati moyo ukutuluka.

Kenaka pamabwera mawu okoma kuposa nyimbo iliyonse ya kwaya: "Gwirani apa, musindikize. Musapinde mkono."

Kathonje kafika! Taganizani, m'chipinda monsemo chilichonse chakhala chikukulanda. Sikelo yatenga kulemera kwako, lamba wofufuma uja watenga kuthamanga kwa magazi ako, kabuku kako kali m'manja mwa wina, singano yatenga magazi. Kathonje kokha ndiko kamene amakupatsa. Ndipo pokupatsapo amakubwezera mkono wako womwe. Kuyambira nthawi imeneyo wosamala bala ndiwe, chala chako chili pamwamba, kufewa kuli pansi. Ife odwala matenda osachizika, amene moyo wathu wonse uli wowerenga mapiritsi a metformin ndi kuyeza kukula kwa mtanda wa nsima, timadziwa kukoma kwa kuuzidwa kuti gwira wekha.

Wina anganene kuti kamangopukuta magazi. Ameneyo sadziwa ntchito imene ikugwiridwa pansi pake. Singano yaboola khungu, yaboolanso khoma la mtsempha. M'magazi muli tizidutswa ting'onoting'ono timene madokotala amati ma platelet. Timeneti timathamangira pobookapo n'kumatirirana, monga asodzi amamatira bwato lothonya, kenaka ulusi wopyapyala umalukana pamwamba pake ngati ukonde. Koma ndani angamate bwato Mwera ukuwomba? Kathonje ndiko kamatchinga Mwera. Kamatsamira pamtsempha mphindi ziwiri kapena zitatu, magazi amadekha, omata amamaliza ntchito yawo. Ukakanyozera, kukachotsa msanga kapena kupinda mkono, magazi amadontha pansi pa khungu, pamatupa, pamada bii, ndipo umayenda ndi chipsera chimenecho sabata yonse ukulephera kunyamula ngakhale ndowa.

Kamachokeranso kubanja lalikulu. Thonje timalidziwa, limalimidwa ku Salima, ku Balaka, ku Chikwawa, ku Nsanje ndi ku Karonga. David Livingstone atalowa m'chigwa cha Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akupota ndi kuomba nsalu zawozawo, ndipo adalota kuti malonda a thonje angaphe malonda a akapolo, malonda omwewo amene Jumbe ankachita pano pa Nkhotakota, kuolotsa anthu nyanja m'zombo. Malotowo sadayende momwe iye ankaganizira, ndipo ku America thonje lomwelo linkathyoledwa ndi akapolo akukwapulidwa. Banja la thonje lili ndi magazi ambiri pamutu pake. Mwa ana ake onse, zitenje, malaya, ulusi, makatani, mwana mmodzi yekha ndi amene adasankha ntchito yopepesa, yokhala pabala la munthu mpaka magazi atasiya.

Sikuti amangobadwa wokonzeka ayi. Thonje lochokera kumunda silimwa madzi, lili ndi phula lake lachibadwa, ukaliponya panyanja limangoyandama. Kuti lilowe m'chipatala liyenera kudutsa chinamwali: kulichotsa njere, kuliphika mu soda wowotcha mpaka phula lonse litachoka, kulitsuka, kuliyeretsa mbee. Likatuluka kumeneko ladzichepetsa, limamwa chilichonse chimene thupi la munthu latulutsa osanyansidwa. Dotolo wa ku Birmingham, Joseph Sampson Gamgee, mu 1880 adaika thonje lotere pakati pa nsalu ziwiri zopyapyala kuti azimangira mabala, ndipo chomangira chimenechi chimatchedwabe ndi dzina lake. Frederick Banting, amene pamodzi ndi Charles Best adapeza insulin ku Toronto mu 1921, adalandira mphoto ya Nobel mu 1923, ndipo adayeneradi, pakuti anzanga ena apabenchi paja ali moyo chifukwa cha iye. Koma m'zaka zonsezi, paliponse pamene singano yadutsa, kathonje kakhala kakutsatira pambuyo kudzatseka khomo, ndipo palibe adakaombera m'manja. Zimenezi zimandipweteka ndithu.

Chimene chimandigwira mtima koposa n'chakuti kathonje kamasunga chinsinsi. Kuno kwathu magazi amatengedwa pa zifukwa zambiri. Mwana wotentha thupi amabayidwa pachala kuti aone malungo. Wokhala kufupi ndi nkhalango ya zinyama ya Nkhotakota, kumene kuli kashembe, amayezedwa kaodzera. Anzathu a ma ARV, amene boma lidayamba kuwapatsa mankhwala aulere mu 2004, amabwera kudzayezetsa kuchuluka kwa kachilombo m'magazi. Amayi oyembekezera nawo ali pamzere. Tonse timatuluka pakhomo ndi chizindikiro chimodzi choyera. A miseche a panjira angayang'ane mpaka maso kuwawa, kathonje sikadzawauza kuti uyu akudwala chiyani. Sikasankhanso nkhope. Shehe wa ku Linga, wansembe wa Anglican, mphunzitsi, msodzi, ngakhale mfumu yeniyeni itabwera ndi nduna zake, aliyense amanyemeredwa kofanana kuchokera pampukutu umodzi.

Ulendo wapitawu ndidakhala pabenchi moyandikana ndi kamtsikana kamene kadalira mpaka mawu kusasa. Amayi ake adayesa kukanyengerera, osatheka. Namwino atakaika kathonje pachala n'kunena kuti, "Gwira wekha, mwanawe," kulira kudaduka pomwepo. Kadakhala duu, kakuyang'anitsitsa chala chake ngati kanyamula mwanapiye. Kenaka kadayang'ana mkono wanga, n'kukweza chala chake kundionetsa kuti nakonso kali nako.

Mphindi zanga zitakwana ndidatukula pang'onopang'ono. Magazi adali atasiya. Pakati pa kuyera konse kuja padali kadontho kamodzi kofiira, ngati dzuwa likamatuluka m'nyanja kuseri kwa Sungu. Ndidakayang'ana kanthawi, chifukwa ndimadziwa kumene kakupita: m'bini ya zinthu za magazi, kenaka kung'anjo ya kuseri kwa chipatala pamodzi ndi anzake mazanamazana. Ndidakaika m'binimo ndi manja awiri, monga timaperekera chinthu kwa wamkulu, ndipo ndidatuluka kukafuna tiyi wopanda shuga.