Kuona maso a nkhono n'kudekha, ngakhale mutagula magalasi

Mwambi woti kuona maso a nkhono n'kudekha unatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito mwezi wathawu, ndipo wofuna kuuchotsayo anali alamu anga, mphunzitsi wopuma. Chinawayambitsa ndi alendo amene amadutsa pa boma la Mchinji kulowera kuchipata cha Mwami popita ku South Luangwa, aliyense atakoleka m'khosi magalasi oonera patali aja a binoculars. Alamu anati ngati munthu angalipire ndege kudzaona mbalame, iwo amene pumbwa amawadzutsa mwaulere m'mawa uliwonse asatsalire.

Tsiku la msika pa Kamwendo, pakati pa matochi, mabatire ndi maloko, anapeza magalasi a maso ofiira psu, m'mbali mwake mutalembedwa 80x80.

"Madala, awa ndi amphamvu zedi," anatero mnyamata wogulitsa. "Mukaima pompano muona munthu akusenda chinangwa ku Chipata."

Alamu anapereka ndalama yamtedza, nabwera kudzandiuza kuti kudekha kunali kwa makolo amene analibe zipangizo. Masiku ano, iwo anati, nkhono ungaione maso uli tsidya lina la mtsinje wa Bua, kapu ya tiyi ili m'manja.

Manambala olembedwa pa magalasiwa ali ndi tanthauzo, ngakhale ogulitsa amawatenga ngati maluwa. Pakalembedwa 8x42, ndiye kuti chinthu chikuoneka pafupi kasanu n'katatu, ndipo diso lakutsogolo la galasilo ndi lotambalala mamilimita 42. Choncho 80x80 ikulonjeza kukuza chinthu ka 80 kudzera m'diso la masentimita 8. Mphunzitsi sasowa rula m'nyumba. Titayeza, diso la magalasi a alamu silinafike n'komwe theka la lonjezolo. Nambala inayo palibe rula yoiyezera, koma njiwa ya pa waya inkaoneka ngati njiwa ya pa waya basi, yofiirira pang'ono, ndiponso ziwiri.

Tsono tingoyerekeza kuti mnyamata uja ananena zoona. Galasi silisankha chokuza. Likakuza mbalame ka 80, likuzanso ka 80 kunjenjemera kwa manja anu, kupuma kwanu ndi kugunda kwa mtima wanu. N'chifukwa chake magalasi opitirira 10 kapena 12 amafuna choimikapo cha miyendo itatu, apo ayi mtengo wa mango umavina chimtali pamaso panu mpaka mutu kuwawa. Mphamvu ikakwera, malo amene mukuona amapanikizika. Magalasi abwino a 8x42 amakuonetsani malo otambalala mamita pafupifupi 130 pa mtunda wa kilomita imodzi. Ndi amphamvu kwambiri aja mumangoona masamba atatu, ndipo pamene mukusakasaka kuti nthambi ija inali iti, timba wadumpha kale kanayi n'kupita kwa apongozi ake.

Palinso nkhani ya kuwala. Gawani nambala yachiwiri ndi yoyamba: 42 kugawa ndi 8 ikupatsani mamilimita 5 ndi pang'ono, ndiko kukula kwa kadontho ka kuwala kofika m'diso mwanu. Magalasi a 20x50 amapereka 2.5 yokha. Masana dzuwa lili paliwombo zilibe kanthu, koma mbalame zimatakataka m'bandakucha ndi chakumadzulo, kawirikawiri pamthunzi wa mitondo ndi misuku. Nthawi imeneyo amphamvu aja amakuonetsani mdima waukulu bwino, wokuzidwa ka 20.

Ndiye wogula achite bwanji ndi thumba la masiku anoli? A Swarovski, a Zeiss ndi a Leica tiwasiyire odutsa aja, poti mtengo wa apamwamba ake ungagule njinga yamoto ya kabaza. A Nikon, a Bushnell ndi a Celestron ali ndi mitundu yotsikirapo, kungoti mayina amenewa akuba nawonso amadziwa kuwalemba. Dzina musalikhulupirire, yesani katundu. Gwirani magalasiwo mutatambasula mkono, muwalozetse kumwamba, muyang'ane kumene mumaika maso: pazioneka timadontho tiwiri towala tozungulira bwino. Kenaka yang'anani waya wamagetsi. Akaoneka awiri, kapena wina m'mwamba wina m'munsi, bwezani, chifukwa maso anu adzatopa n'kugwirizanitsa zimene fakitale inalephera. Suzumirani chakutsogolo ngati mulibe chuku, makamaka akakhala a pakaunjika, popeza chinyezi cha dzinja chikalowa sichituluka. A maso ofiira aja ndi okongoletsa pashelefu. Okhala ndi kachitsulo kosinthira mphamvu, olembedwa zonga 10-30x50, asiyeni. Pa ndalama yochepa, achikale a mapewa otambalala aja nthawi zambiri amaona bwino kuposa owongoka amakono a mtengo womwewo. Ndipo nambala yake ikhale 8x42, 8x30 kapena 10x42. Yocheperayo ndiyo yanzeru.

Zonsezi ndinawafotokozera alamu, koma vuto lawo lalikulu silinali galasi. Munthu wamkulu ataima m'mphepete mwa munda wa soya, chinthu chakuda chili kumaso, kuno kumalire, amakhala ndi mayina ambiri. Ena anati ayeza malo kuti alande. Ena anati atumidwa kudzawerenga njinga zodutsa ndi matumba m'njira zachidule. Mayi wina wochokera kudambo anawafunsa molunjika: "Aphunzitsi, kumadziku mukuyang'anako chiyani pa msinkhu wanuwu?" Atayankha kuti akuona nantchengwa, mayiyo anafunsa ngati akaiona aidya. Atati ayi, anapukusa mutu n'kunena kuti penshoni ikachedwa imasokoneza anthu. Pamenepa ndiwonjezere langizo limene silili pa katoni: chinyumba chatsopano cha pachipata chija, chimene Malawi ndi Zambia anatsegulira limodzi mu Disembala 2022, n'chokongola, koma musachiloze ndi magalasi, ngakhale padenga patatera nkhwazi.

Amene anawaphunzitsa alamu ndi kamnyamata ka sitandade 5 koyenda ndi legeni m'khosi. Kanawauza kuti avule shati yoyera, akhale pansi pa chulu, dzuwa likhale kumsana, atseke pakamwa. Kanamva gogomole asanaoneke. Kanadziwa kuti nthengu ikalongolola chonchija pali gulu la mbalame zina likubwera m'mbuyo mwake. Alamu anakhala chete kwa nthawi imene sanakhalepo chete chiyambire uphunzitsi, ndipo mbalame zinabwera zokha pafupi moti magalasi anangokhala pamwendo.

Apa ndiye nthabwala imandithera. Malawi ali ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo yambiri mwa ya kuno imadalira mitengo yachilengedwe ya m'mapiri a Mchinji, yomweyo imene ikutsika tsiku ndi tsiku pa njinga ili m'matumba a makala. Palibe galasi, likhale la 8 kapena la 80, limene lingakuonetseni gogomole pa chitsa chopserera. Ndipo ana a legeniwa, amene timawakalipira, ndiwo akudziwa mbalame kuposa tonsefe. Mwana wotere mukamubwereka magalasi n'kuona diso la njiwa likuphethira, dzanja limayamba kuchedwa pokoka mphira.

Nanga nkhono ija? Mvula itagwa alamu anaipeza pakhonde, koma magalasi anakana, chifukwa saona chinthu chapafupi chotero. Pali kachinsinsi: mukawatembenuza, n'kuyang'anira ku diso lalikulu, laling'onolo mutaliyandikiza pa chinthu, amakuza tinthu ting'onoting'ono. Alamu anagwada, anatembenuza, anayandikiza. Nkhono inamva mthunzi n'kubweza nyanga zake, maso ali kunsonga kwa nyangazo. Panalibe nambala yoitulutsira. Anadikira basi, maondo ali pasimenti.

Choncho inu amene mukusunga ndalama ya magalasi, gulani a 8, muyese waya wamagetsi musanalipire, yotsalayo mugulire mpando. Makolo aja sanalakwitse, kungoti sananene kuti kudekhako kumayambira pamsika.