Mwambo Wotsuka Magudumu

Makolo athu a Chinsenga, amene anatisiyira mwambo wa Tuwimba, umene anthu a Mfumu Kalindawalo amasonkhanira mvula isanagwe kukathokoza ndi kupempha madalitso, akadauka lero nayenda m'misewu ya Petauke Loweruka m'mamawa, akadazizwa kuona kuti zidzukulu zawo zinakhazikitsa mwambo wina, wopanda ng'oma, wopanda nsembe, koma wosungidwa ndi changu choposa: mwambo wotsuka magudumu a njinga yamoto.

Tisanaseke, tiyenera kuvomereza kuti litsiro la gudumu si litsiro wamba. Walira mvula walira matope; ndipo iye amene analira njinga ya Boxer kuti azinyamula anthu ndi katundu kuchokera ku Minga, ku Nyanje kapena ku Ukwimi, analiranso zonse zimene misewu ya kumeneko imapereka mosaumira. Tcheni chikamazungulira chimawazira oilo pa gudumu lakumbuyo. Oiloyo amakumbatira fumbi la m'chilimwe, nalandiranso matope a m'dzinja ndi mwaye wochokera m'mabuleki, kufikira zonsezi zitagwirizana kukhala phala lakuda lokakamira pakati pa masipoko, limene madzi okha, ngakhale mutatunga mtsinje wonse wa Luangwa, sangathe kulisuntha.

Taonani tsono mwini njinga pa tsiku lake lalikulu. Munthu amene mawondo ake amadwala nthawi zonse ikakwana nthawi yogwada m'tchalitchi, lero wagwada pa miyala popanda kudandaula; m'dzanja lamanja muli mswachi wa mwana wake, kumanzere kuli beseni lotsukiramo mbale, ndipo pambali pali sopo wa Boom amene mayi wa m'nyumba anabisa kuseri kwa thumba la ufa kuti achapire mayunifomu a sukulu. Sipoko iliyonse aipukuta payokha, kuyambira kumutu kufikira kuphazi, ndi chifundo chimene ana ake a iye mwini sanachionepo chibadwire.

Ndipo popeza mutu umodzi susenza denga, aphungu safunika kuitanidwa. Woyamba, amene sanakhalepo ndi njinga ngakhale yakapalasa, alamula kuti akwecheko ndi mchenga. Wachiwiri alumbira pa dzina la malume ake kuti phulusa ndilo mankhwala. Wachitatu, atapukusa mutu mwachisoni, aulula chinsinsi chakuti akatswiri a ku Lusaka amathira Coca-Cola, ndipo adzipereka yekha kukagula, malinga ampatse ndalama ya mabotolo awiri. Kuseri kwa onsewa kwaima makanika wokalamba, amene akudziwa bwino lomwe kuti mchenga umakala chitsulo nuitana dzimbiri. Akudziwanso kuti palafini pang'ono pa kansanza ndiye amasungunula oilo, kenaka sopo ndi madzi zimalize. Kuti palafiniyo asayandikire mabuleki kapena kukhalitsa pa mphira. Ndi kuti tcheni chikauma chimafuna kudzozedwanso. Koma iyeyu palibe womumvera, pakuti uphungu wake ndi waulere, ndipo kwathu kuno chinthu chopanda mtengo sichikhulupirika.

Mwambo usanathe, mayi atulukira pakhomo, manja m'chiuno.

"Kodi bambo a m'nyumba, sopo uja ndinaika kuseri kwa ufa wapita kuti?"

"Mayi, musadere nkhawa, ali pa ntchito. Njingayi ndiyo imatidyetsa."

"Chabwino, bambo. Lolemba ndidzatumiza gudumulo kusukulu, popeza ndilo lasamba."

Ku Nyimba, kumene nthochi zimadikira apaulendo m'mbali mwa msewu wa Great East, mwambowu uli ndi chigawo chake chachiwiri, ndicho chionetsero. Wotsuka uja akafika pamene anzake amaimika njinga, saimika mwachisawawa, koma atembenuza gudumu kuti liyang'anane ndi dzuwa, nakhala chapatali, maso ali kwina, makutu ali tcheru kudikira womuyamikira. Gogo wobwera ndi matope ku mapazi auzidwa mwaulemu kuti njinga ili ndi woikwera kale. Koma pakafika wamalonda wolipira bwino, njinga yomweyo isenza mikoko ya nthochi, thumba la mtedza, mbuzi yomangidwa miyendo, ndi wamalondayo pamwamba pa zonse, ndipo isanafike n'komwe ku Kacholola, lole yochokera ku Chipata yaponda chithaphwi nibwezera gudumu lija ulemerero wake wakale.

Chimene chimandimvetsa chisoni pakati pa kuseka konseku ndi chakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Gudumu lonyezimira lija lavala tayala lotha mano, losalala mpaka ulusi kuonekera. Mabuleki ake amalira mokweza koma saimitsa kanthu. Nyali yakumbuyo inazima chaka chatha. Ndipo chisoti choteteza mutu, chimene lamulo limafuna kuti chikhale pamutu, chimayenda chitapachikidwa pa chiwongolero, n'kukwera pamutu pokhapokha patsogolo pakaoneka apolisi kapena akuluakulu a bungwe la za pamsewu la RTSA. Munthu wopatsa masipoko ake theka la tsiku alibe mphindi zisanu zofunsa makanika chifukwa chake njinga ikukokera kumanzere.

Chifukwa chake, abale anga okondedwa a ku Petauke ndi ku Nyimba, sindikuletsani kutsuka, pakuti ukhondo ndi ulemu, ndipo gudumu loyera limaonetsa msanga sipoko yothyoka ndi limu yong'aluka. Tsukani ndithu, koma mukadzuka pogwada paja, yesani mabuleki, yang'anani matayala, valani chisoti pamutu pamene chinapangidwira, ndipo koposa zonse, kuti mtendere ukhale m'nyumba zanu, gulani sopo wanuwanu, mubwezere mwana mswachi watsopano.