Kakompyuta kochotsa makwinya

Kuno ku Chiwamba kujambula zithunzi si ntchito yovuta. Umangouza anthu kuti aime pamzere, aatali kumbuyo, iwe n'kudina. Mavuto amayamba mawa lake, eni nkhope akabwera kudzaona zimene kamera yanena za iwo. Sindinaonepo munthu wogwirizana nayo.

Mkwatibwi amafuna ziphuphu zichoke. Mkwati amafuna mimba ibwerere mmene inalili asanayambe geni ya fodya. Mnyamata wina amene sanadutsepo pa Dedza amafuna ndimuimike pakati pa Johannesburg, dzanja lili pagalimoto, kuti chibwenzi chake cha ku Nambuma chidziwe kuti zikuyenda. Bambo ena anabwera ndi chithunzi cha pachinkhoswe nati: "Achimwene, mayi awa muwachotsepo, koma suti yangayi musaikhudze." Ntchito yolemera imene amanena odziwa makompyuta ndi imeneyi.

Chikompyuta changa chakale chinkaigwira molira. Ndikatsegula Photoshop ndinkapita kaye kudambo kukamangirira mbuzi, pobwera n'kupeza chikuganizabe. Choncho nditagulitsa soya ndinaitana mlamu wanga, amene anapitako patali ndi sukulu, kuti andiuze chogula.

"Alamu, musayang'ane kukula kwa chibokosi," anatero. "Funsani RAM. RAM ndi mphasa yoanikira ufa: ikachepa, mumaanika pang'onopang'ono mpaka dzuwa kulowa. Eni ake a Photoshop, a Adobe, amati 8GB ndi yongoyambira, yabwino ndi 16GB kupita m'tsogolo."

Anandilembera zina papepala. Mosungira zinthu mukhale SSD, osati hadi disiki yozungulira ija, chifukwa chithunzi chimodzi cha RAW chimatha kudya 25MB, ndipo paukwati aliyense amafuna ajambulidwe akufupa. Sikirini ikhale ya IPS, apo ayi diresi la pinki la operekeza mkwatibwi lidzatuluka lofiira papepala, akuchikazi n'kukana kumaliza ndalama. Ndinagwedeza mutu mwanzeru, ngakhale chimene ndinamvetsa bwino ndi cha kukana kumaliza ndalamacho.

Ndinakwera kabaza, kenako minibasi, mpaka mu Lilongwe. Mushopu ina mnyamata anandionetsa Mac mini ya Apple, imene inatuluka mu 2024: masentimita 12.7 uku, 12.7 uko, RAM yoyambira 16GB. Kokongola zedi. Koma RAM yake ndi yomatirira, simungaonjezere mawa soya akachita bwino. Atatchula mtengo ndinafunsa ngati akugulitsa pamodzi ndi shopu. Iye anandikumbutsa kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndinamuyankha kuti ndikudziwa, inagwera pamutu panga.

"Ndiye madala, inu anu ndi awa," anatero, akuloza shelefu yam'munsi.

Kumeneko kunali timakompyuta timene tinagwirako kale ntchito m'maofesi a kunja: Dell OptiPlex Micro, HP EliteDesk Mini, Lenovo ThinkCentre Tiny. Kaunjika weniweni, kungoti sayala pansi. Ubwino wake umamasula kasikuluu, chivundikiro n'kutseguka, n'kuona malo awiri olowetsa RAM. Tambiri timayendera kachaja ka mawati 65, kotero batire ya sola ndi inveta zimatha kukapirira. Kuipa kwake, mulibe malo a khadi lalikulu la zithunzi, kafani kake kamatsamwa ndi fumbi la mu Okutobala, ndipo mulibe batire ngati mu laputopu. Magetsi akathima uli pakati pochotsa mayi aja, amabwerera pambali pa amuna awo ngati sipanachitike kanthu.

Ndinasankha kamodzi, tinaikamo 16GB ndi SSD, ndipo kanakwana m'jumbo pamodzi ndi buledi wa ana.

Kunyumba mayi anakatembenuza uku ndi uku. "Bambo, soya yense uja ndi kameneka?" Apongozi anafunsa ngati kamagwira Zodiak. Mwana wanga wamng'ono anakaikapo kapu ya phala.

Pantchito kokha sikanachititse manyazi. Photoshop ikutseguka ndisanamalize kukhala pansi, ndipo makwinya a zaka makumi asanu akuchoka madzi a tiyi asanawire. Mbuzi ndi zimene zikudandaula, chifukwa masiku ano ndimaziiwala m'khola.

Vuto linabwera ndi makasitomala. Munthu akalowa n'kuona tebulo lili mbee, amayamba kunenerera. "Kamakina kakang'ono chonchi mungatchaje ndalama zonsezo? Chija chachikulu mwagulitsa? Zinthu zavuta eti?" Mphekesera inafika mpaka kumsika kuti wojambula uja wagwa.

Ndiye ndinatenga chikompyuta chakale chija, ndinachotsa zam'mimba zonse, n'kuchiimika patebulo poonekera. Katsopanoko ndinakabisa kuseli kwa sikirini. Pano makasitomala amachisisita chibokosicho n'kumati, "Makina ndi awa, akulu, mphamvu zikuchita kuoneka." Mitengo ndakweza, palibe wodandaula.

Amene watulukira chinsinsi ndi thadzi la mayi, limene lapeza kuti m'chibokosimo ndi mofunda ndipo layamba kuikiramo mazira. Tsiku lina linatetera ndikukonza nkhope ya mkulu wina wa mpingo. Anadzidzimuka n'kufunsa kuti n'chiyani. Ndinamuuza kuti makina akatero ndiye kuti nkhope yake ndi yolemera, aonjezere ya mayunitsi. Anaonjezera.