Ulemu Upite kwa Silaidi Yodzaza Mawu

Pali anthu osayamika amene amanyoza silaidi ya PowerPoint yodzaza mawu kuchokera pamwamba mpaka pansi, ija timakumana nayo m'mawekishopu pa boma la Dedza. Ine ndiiikira kumbuyo, pakuti wantchito wokhulupirika chotere ngosowa.

M'mwezi wa June chifunga chimakuta phiri la Dedza ndipo chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. Alimi a kachewere a ku Bembeke, alangizi, aphunzitsi ndi mafumu amakhala m'holo manja ali m'khwapa. Pulojekita ikayaka, pakhoma pamatuluka ndime zothithikana, zilembo zake ngati nyerere, zachikasu pamalo oyera. Ophunzitsa amafulatira anthu onse n'kuyamba kuwerenga liwu ndi liwu. Posakhalitsa holo yonse ili m'tulo tabwino. Ndani winanso angagoneke munthu wozizidwa popanda bulangete?

Kwa mwini wake silaidiyi njachifundo. Sikuti mpaka aidziwe nkhani yake ayi. Amangotenga lipoti lonse usiku n'kulithira mu laputopu, chizindikiro cha bungwe lothandiza pangodya iliyonse, mitu ina n'kuilamula kuti izilowa ikuzungulira. Wina akafunsa funso amayankhidwa kuti, "Tifika bambo, zili kutsogoloku." Kutsogoloko sikufikika, chifukwa nkhomaliro yapsa ndipo pepala losainira alawansi layamba kale kuyenda.

Adani ake ndi anthu otchuka ndithu. Guy Kawasaki wa ku America amati masilaidi asapitirire 10, kulankhula kuthere pa mphindi 20, zilembo zisachepere saizi 30. Jeff Bezos adachita kuletsa PowerPoint pamisonkhano ya akuluakulu a Amazon mu 2004. Ena amalalikira za mfundo imodzi pa silaidi imodzi, chithunzi chooneka bwino, mawu akuda pamalo owala. Kodi cholinga chawo n'chiyani? Akufuna agogo okhala kumbuyo awerenge zonse, amvetse, kenako aimike dzanja kufunsa kumene kudalowera ndalama za mjigo?

Makolo athu nawo adasochera pankhaniyi. Ku Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula zam'mapanga omwe UNESCO idawazindikira mu 2006, Akafula adajambula ndi utoto wofiira, Achewa ndi dothi loyera. Namkungwi ankaloza chithunzi pathanthwe, mwambo wonse uli pakamwa pake, namwali n'kuusunga mpaka imvi. Taonani chintchito chakecho: mphunzitsi kudziwa phunziro lonse pamtima! PowerPoint, yomwe idatuluka mu 1987, idatimasula ku goli limeneli. Inde, za ku Chongoni sizilira magetsi, koma apa m'pamene silaidi yathu imaonetsa khalidwe. Magetsi akangothima imachoka osakangana ndi munthu, ophunzitsa amasowa chonena, tiyi n'kubwera msanga jenereta isanalire.

Tsono inu amene mwangoyamba kumene kugwira pulogalamuyi, musawamvere akunjawa. Chepetsani zilembo, onjezani ndime, mitundu ikhalemo yonse imene kompyuta ili nayo. Ndipo chonde musaiwale silaidi yotsiriza ija yakuti "Zikomo pomvetsera". Muilembe m'zilembo zikuluzikulu, chifukwa ndi yokhayo imene anthu adzawerenge akadzidzimuka.