Kuitanidwa Kachiwiri

Mvula ya Lachiwiri ija inatiunjika anthu asanu pakhonde la golosale ina pafupi ndi siteji: wosoka nsapato, mnyamata wa kabaza, mayi wa mandasi, ine, ndi bambo wina wa imvi amene onse ankangomutchula kuti aphunzitsi. Nkhani inabuka minibasi ina itatiwaza matope, m'mbali mwake muli zilembo za Chijapani zosafufuta.

"Anthu amenewa amangodziwa zitsulo basi," anatero wa kabaza. "Kaya amaseka n'komwe?"

Aphunzitsi anapukusa mutu. "Mwana wanga, Ajapani ongodzipereka anayamba kubwera kuno mu 1971, ndipo mmodzi ndinaphunzitsa naye sukulu imodzi. Anandibwereka mabuku a nthano zakwawo, ndinaseka mpaka nthiti kuwawa."

Ine ndinatchera khutu, ndikunamizira kuwerenga mitengo ya sopo pakhoma.

Anati buku lina, Konjaku Monogatari, linasonkhanitsidwa cha m'ma 1120. Lili ndi nthano zoposa 1,000, za ku India, ku China ndi za ku Japan komweko, ndipo iliyonse imatsegulidwa ndi mawu amodzimodzi, ngati "padangotero" wathu uja.

"Tili tonse!" anayankha mayi wa mandasi, tonse n'kuseka.

Ndiye anatisimbira za wansembe wachibuda, Zenchi, wa ku Ikenoo, amene mphuno yake inkalendewera mpaka kupitirira chibwano. Akamadya phala, wophunzira wake ankakhala kutsogolo kwake n'kuitukula ndi kathabwa mpaka amalize. Tsiku lina wophunzirayo atadwala, kamnyamata kena kanadzipereka. Kanagwira bwinobwino, koma mwatsoka kanayetsemula, dzanja linagwedera, mphuno ija phwaa m'phala! Onse awiri nkhope zili mbuu. Wansembeyo anakalipa, n'kukafunsa ngati kakanachita zopusa zotere potukula mphuno ya munthu wina wolemekezeka. Kamnyamatako, kali pakona, kanang'ung'udza kuti koma munthu wachiwiri wa mphuno yotere akapezeka kuti padziko lino?

"Ha!" anatero wosoka nsapato, akukoka ulusi ndi mano. "Bwanayo ankaganiza kuti mabwana onse ali ndi mphuno ngati yake."

Pamenepo ndiye pagona nkhani, ndinatero mumtima. Chilema cha mkulu chikazolowereka, iye amachiyesa udindo, ndipo pamapezeka anthu olembedwa ntchito yochinyamulira kathabwa. Tonse tawaonapo m'maofesi, koma pakhondepo palibe anatchula dzina.

Aphunzitsi anakhudzako ina yoopsa, ya pachipata cha Rashomon ku Kyoto, pamene wakuba anapeza gogo akuzula tsitsi la mtembo wa abwana ake kuti apange wigi, iye n'kumulanda gogoyo zovala ndi tsitsi lomwelo. Wa kabaza anafunsa kuti wakuba weniweni ndani pamenepo. Palibe anayankha. Mayi wa mandasi anati zamaliro ayi, atiuze ina.

"Chabwino mayi, nayi ya inu ogulitsa zakudya." Iyi anati ili m'buku la Uji Shui Monogatari, la nthano 197, la kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200. Pa phiri la Hiei, pafupi ndi Kyoto, ansembe anagwirizana madzulo ena kuti apange timikate. Kamwana kena kotumikira pakachisipo kanamva, mtima dyokodyoko, koma kanaona kuti kukhala maso n'kumadikira chakudya n'kochititsa manyazi. Kanapita pakona n'kunamizira tulo. Timikate titapsa, wansembe wina anakaitana. Kamwanako kanaganiza kuti kuyankha ulendo woyamba womwewo kuulula kuti kamadikira. Bola andiitanenso. Apo wansembe wina anati musamudzutse mwana, wagona kale. Kenako kanangomva kutafuna kokhakokha. Kanapirira, kanapirira, mapeto ake patapita nthawi yaitali kanafuula kuti "Wawa!" popanda wokaitana. Ansembe anagwa nacho chiseko.

Pakhonde paja panali phwete. Mayi wa mandasi anachita kugwira pamimba. "Ameneyo ndi alamu anga enieni! Ukawauza kuti tiyeni tisambe m'manja, amati ndadya kale, maso ali pa ntchafu ya nkhuku."

"Ndiye kuti ulemu wonamawu unafika mpaka kumeneko?" anadabwa wa kabaza. "Zaka 800 zapitazo?"

"Mimba ndi manyazi zinayamba kale kulimbana, mwana wanga."

Chomwe chinandikomera n'chakuti nthanoyo simuweruza mwanayo. Sakwapulidwa, sasanduka fisi, amangosekedwa basi, ndipo amene akusekawo akudziwa kuti nawonso anagonapo tulo totero. Ine ndinaseka kuposa onse, mwina mopitiriza muyeso, poti munthu womvetsera nkhani za eni safunika kuonekera.

Kuseka kwangako ndiye kunandiulula. Aphunzitsi anagula mandasi asanu, n'kutembenukira kwa ine. "Achimwene, tengani limodzi."

"Zikomo bambo, ndadya kale," pakamwa panga panatero pasanafunse mimba, yomwe inali isanaone kanthu chichokereni m'mawa. Ndinaima chilili, kudikira kuti anenenso.

Sananenenso. Wa kabaza anadya awiri, mvula inakata, ine n'kuuyamba wapansi wa kunyumba.