Mjigo wafika 90 peresenti, madzi kulibe

Nyengo ya appraisal ikafika, nsima ya pa chiimilire imazizirira m'mbale. Sabata yonseyi ndakhala ndikudya nkhomaliro kuseri kwa maofesi a ku City Centre mu Lilongwe, ndipo nkhani yomwe yavuta si ya mafuta kapena ya madola ngati masiku onse. Anthu akukangana za kamzere, kaja kamayenda pa kompyuta kusonyeza pamene target yako yafika.

Kwa amene simunakumane nako, mabungwe ndi makampani ena anasiya kulemba zolinga za chaka papepala. Zonse amalowetsa mu sisitimu. Ngati unalonjeza kugulitsa matumba 1,000 a simenti ndipo wagulitsa 600, kamzere kamaima pa 60, bwana n'kugwedeza mutu. Apo palibe mlandu. Mlandu uli pa ntchito zija zoyankhidwa ndi inde kapena ayi: laisensi yatuluka kapena sinatuluke, tenda mwapata kapena yapita kwa ena. Zoterezi sisitimu imangokupatsa kabokosi kochonga. Usanachonge uli pa 0, ukachonga uli pa 100, pakati palibe pokhala.

Amene anayambitsa phokoso Lolemba ndi achimwene ena a ku bungwe la za madzi, nsapato zawo zikadali ndi dothi lofiira la kumudzi. Target yawo inali mjigo umodzi. Anakambirana ndi amfumu, komiti inasankhidwa, mapaipi anagulidwa, galimoto yokumba inabwera n'kuboola mamita 45. Kunatuluka fumbi lokhalokha. Iwo poona thukuta lonselo anapempha a IT kuti awasinthire kabokosi kaja kakhale kamzere, n'kulembapo 90. M'mawa mwake foni inalira.

"Akuti, 'Kodi amayi a m'mudzimo akutunga 90 peresenti ya chiyani?' Ine kukamwa yasa. Andibweza pa 0, dzina langa lafiira psuu, ndipo mpaka mabwana akunja akuliona. Miyezi isanu ndi itatu, anthuni! Ngati ndinkangosewera bawo."

Mayi wogulitsa nsima, amene amamva zonse uku akuomola, sanadikire kufunsidwa. "Ana anga, munamvapo munthu ali ndi pakati 40 peresenti? Ali napo kapena alibe, basi." Tinaseka mpaka wina kutsamwa. Koma chemwali ena owerengera ndalama anapukuta m'manja n'kuyankha modekha kuti, "Zoona amayi, koma ku sikelo amawerenga miyezi." Apa mpamene gulu linagawikana, ndipo mpaka lero silinagwirizane.

A chipani cha miyezi akuti ntchito iliyonse iduliridwe m'zigawo, poti pang'onopang'ono ndi mtolo. Nzeru yabwino, koma taonani zomwe achita nayo anyamata a m'tauni. Mkulu wina wolemba ma proposal, target yake inali yopeza thandizo la ndalama. Anaidula motere: kuitanitsa msonkhano 10, kuchita msonkhanowo 15, kulemba 40, kuwerengetsa kwa bwana 20, kutumiza imelo 10. Kufika apa ali pa 95, kamzere kobiriwira ngati dimba la mpiru. Yankho la opereka thandizo analipatsa 5 yokha. Yankholo linabwera, lokana mwaulemu. Chaka chatha mkuluyo ali pa 95, bungwe lilibe ndi tambala yomwe, ndipo akuyenda monyadira kuposa achimwene a mjigo aja.

Lachitatu kunabwera mnyamata wa IT, mtundu uja wa anthu oti ukawafunsa nthawi amayamba ndi mbiri ya wotchi. Koma zomwe ananena n'zoona. Kachitidwe aka, kotchedwa OKR, anakakonza ndi Andy Grove ku kampani ya Intel m'zaka za m'ma 1970, pokonzanso maganizo omwe Peter Drucker analemba mu 1954. John Doerr, yemwe anaphunzira zimenezi ku Intel konko, anazipititsa ku Google mu 1999 kampaniyo ikadali ya anthu ochepa. Ku Google amapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 1.0, ndipo pa zolinga zikuluzikulu zongoyesa mwayi, kupeza 0.7 amati wakhoza.

Dalaivala wina anaika mbale pansi. "Ndiye kuti bwana akandituma ku Blantyre, ndikawatsitse pa Zalewa n'kunena kuti takhoza?"

Mnyamata uja anati ayi, n'chifukwa chake eni akewo anagawa zolinga pawiri. Zina n'zolota, zomwe ukafika pa Zalewa amakuombera m'manja. Zina n'zolonjeza, zomwe zimafuna 1.0 yathunthu popanda nkhani. Ndipo Grove mwini wakeyo ankafuna kuti pamapeto munthu athe kuyankha kuti ndachita kapena sindinachite, popanda kukangana. Doerr naye amalangiza kuti malikisi amenewa asamangiriridwe ku bonasi, chifukwa anthu amayamba kulonjeza zazing'ono kuti asaluze. Atafika pa mawu oti bonasi, anthu onse anayang'anizana. Kwathu kuno kamzere ndi bonasi zili ngati nsima ndi ndiwo. Sisitimu tinaitenga, malangizo ake tinawaiwala m'katoni.

Palinso dandaulo la anzawo a achimwene a mjigo. Sisitimu imaphatikiza malikisi a anthu onse a mu dipatimenti n'kupeza avereji. Anthu anayi ali pa 80, mmodzi ali pa 0, dipatimenti yonse yatsikira pa 64. Akuti masiku ano achimwenewo akalowa mu ofesi, ngakhale shuga wa tiyi amawabisira. Mayi wina wa HR, yemwe amadya chakumbali pang'ono poopa kufunsidwa za malipiro, anaulula kuti mbali inayo nayo ndi mutu wopweteka. Munthu amakhala pa 0 kuyambira Januwale, ndiye pa 30 Disembala madzulo wachonga, wadumphira pa 100. Bwana m'malo mosangalala amayamba kufufuza ngati pachitika zachinyengo.

Okonda mpira sanasowe chonena. Flames inapita ku AFCON mu 1984, mu 2010, kenako ku Cameroon kumene inafika mu ndime ya matimu 16 n'kugonja 2-1 ndi Morocco, chigoli cha Gabadinho Mhango chija anthu akuchikambabe. Zaka zina zonsezo, ngakhale tinkasewera bwino bwanji, palibe anatipatsa 85 peresenti ya tikiti ya ndege. Mphunzitsi wina wopuma anawonjezera za MSCE: ukhoze masamu ndi sayansi mmene ungathere, ukagwa Chingerezi satifiketi palibe. Anthu anavomera ndi kubuula, ena mwina pokumbukira zawo.

Ine pamkanganowu ndili kumbali ya mayi wa nsima, ngakhale chemwali a miyezi ndimawamvetsa. Kabokosi kaja sikanama. Mjigo wopanda madzi ndi dzenje. Chomwe chimalakwika ndi maso a bwana amene akaona 0 amawerenga kuti ulesi, osatsegula n'komwe pamalo olembapo ndemanga kuti aone kuti munthu wafika pati, chamutsekereza n'chiyani, ndipo akuyembekeza kumaliza liti. Zigawo zilembedwe ndithu kuti tidziwe kumene ntchito ili, koma zisasanduke malikisi oposa chinthu chenichenicho. Apo ayi tidzadzaza maofesi ndi anthu a 95.

Mnyamata wa IT anatisiya ndi kankhani kena potsuka m'manja. Microsoft inagula kampani ya Ally.io mu 2021, n'kupanga pulogalamu yakeyake yolondolera zolinga yotchedwa Viva Goals, kenako inalengeza kuti iitseka pa 31 Disembala 2025. Dalaivala uja anafunsa ngati pamenepo anachonga kabokosi kapena anaima pa Zalewa. Palibe anayankha.

Achimwene a mjigo sanabwere Lachisanu. Akuti apita ndi akatswiri kukayeza malo ena, kumunsi kwa mudzi kufupi ndi dambo. Mu sisitimu akadali pa 0, ndipo mayi wa nsima wawasungira ngongole ya mbale ziwiri.